Khue Wakana Kulowa M'nyumba

Khue anali mtsikana wamfupi, koma wapakamwa. Ankakhala m'kanjira kopanikiza, pafupi ndi mtsinje. Khue ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuonera kanema pamodzi ndi Dao pa Tet, chikondwerero cha kwawo cha chaka chatsopano.

Dao anali mnzake wa ponda apa nane mpondepo. Nyumba ya Khue inali mbali iyi. Nyumba ya Dao inali mbali inayo. Pakati panali kanjira. Makomo awo ankayang'anana.

Chaka chilichonse pa Tet, Amalume a Ut, achimwene a amayi a Khue, ankabwera kuchokera ku mzinda. Ankabwera pa njinga yamoto. Kumbuyo ankamangirira makina oonetsera kanema. Dzuwa likamalowa ankatseka mazenera. Ankaonetsa kanema pakhoma la pabalaza kwa Khue. Ana onse a m'kanjira ankadzaza m'nyumba. Khue ndi Dao ankakhala pa mphasa imodzi.

Tsiku la Tet linafika. Chaka chatsopano chinayamba.

Nyumba inali yowala. Abambo anali ataipaka utoto wobiriwira. Pakhomo panali kamtengo ka maluwa achikasu. Patebulo panali mavwende. Panali mikate ya mpunga. Panali nyama ya nkhumba yophika ndi mazira. Khue anavala diresi latsopano lofiira.

M'nyumbamo munkakhalanso Azakhali a Sau, achemwali a bambo ake. Iwowa ankadziwa malamulo onse a Tet. Ndipo malamulowo anali ambiri ngati nthanga za m'chivwende.

"Lero sitisesa," anatero Azakhali. "Ukasesa, wasesa mwayi."

"Chabwino, Azakhali."

"Lero sitiswa mbale."

"Chabwino, Azakhali."

"Lero sitilira. Lero sitikalipa. Lero sitikwiya. Ukakwiya lero, ukwiya chaka chonse."

"Ndikwiyirenji ine?" anatero Khue. "Lero kuli kanema!"

Khue anapinda manja pachifuwa. Anawerama. Anafunira akulu onse chaka chabwino. Akulu anamupatsa timaenvelopu tofiira ta ndalama. Kenako anatuluka liwiro kukatenga Dao.

Dao anali ataima pakhomo pawo. Sanavale chatsopano. Anavala malaya akale oyera. Pachifuwa pake panali kansalu kakuda ka maliro, kobaya ndi pini.

Bambo ake a Dao anamwalira nthawi ya mvula. Khue ankadziwa. Pamaliro analira nawo. Koma mvula inali itatha kalekale.

"Dao, tiye! Amalume afika ndi makina aja!"

"Sindibwera," anatero Dao.

"Ukudwala?"

"Ayi."

"Wandikwiyira?"

"Ayi."

"Nanga?"

Dao anagwira kansalu kakuda kaja. "Amayi akuti chaka chino sitilowa m'nyumba za anthu. Tili ndi maliro. Tikalowa, tibweretsa tsoka."

"Iweyo? Tsoka?"

Khue anamuyang'ana kumutu. Anamuyang'ana kumapazi. Anamuzungulira.

"Lili pati? Ine sindikuliona."

"Silioneka."

"Bodza limenelo! Tiye!"

Khue anamugwira dzanja. Anamukoka. Anadutsa kanjira. Phazi la Dao linatsala pang'ono kuponda pakhomo.

"Imani pomwepo!"

Azakhali a Sau anali atatseka khomo ndi thupi lawo. Ankamwetulira, poti lero sakalipa. Koma kunali kumwetulira kwa mano okha.

"Dao, mwana wanga, chaka chabwino," anatero. "Koma usaponde apa. Amayi ako sanakuuze?"

"Anandiuza, Azakhali."

"Eya. Ndiwe mwana womvera. Bwerera."

Dao anabwerera. Sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono, ataweramitsa mutu.

Khue anamva kutentha m'makutu. Mtima unamuwawa. Anapinda manja pachifuwa, monga mwana waulemu. Koma mawu ake sanapinde.

"Azakhali, walakwa chiyani Dao?"

"Sanalakwe kanthu."

"Nanga mwamubwezeranji?"

"Ndi mwambo. Tsoka limayenda ndi mapazi. Likaponda m'nyumba pa Tet, limakhala chaka chonse."

"Zokondera zimenezo!"

"Khue! Lero sitikwiya."

"Ine ndakwiya kale!"

Khue anathamangira kukhitchini. Amayi ankadula mkate wa mpunga ndi ulusi. Mbali imodzi ya ulusi anailuma ndi mano.

"Amayi, kodi Dao ndi tsoka?"

Amayi analavula ulusi. "Ayi, mwanangu. Dao si tsoka."

"Ndiye alowe."

"Sizitheka. Maliro akadzatha, adzalowa."

"Kanema ndi lero!"

Amayi anausa moyo. "Azakhali ako amaopa. Chaka china munalowa munthu wa maliro muno, pa Tet. Chaka chimenecho abakha awo anafa onse."

"Anawapha ndi munthuyo?"

"Ayi. Anafa ndi matenda."

"Nanga?"

Amayi anatolanso ulusi. Anangomupatsa mkate.

"Idya," anatero.

Akulu ndi otero. Akasowa yankho, amakupatsa chakudya. Khue anausiya mkatewo patebulo.

Khue anakaima pambali pa khomo. Ankafuna kuona amene akulowa.

Anabwera Tram, msuweni wake, mwana wa Amalume a Ut. Tram ankakonda kukoka mphaka mchira. Ankakondanso kubera pamasewera.

"Lowa, lowa!" anatero Azakhali.

"Zokondera!" anatero Khue.

Anabwera bambo wina wa kumapeto kwa kanjira. Ankanunkha mowa. Ankaimba nyimbo yopanda mutu.

"Lowani, lowani!" anatero Azakhali.

"Zokondera!" anatero Khue.

Anabwera galu wa eni ake. Anali ndi matope kumapazi onse anayi.

"Galu amabweretsa chuma," anatero Azakhali. "Msiyeni alowe."

Galu! Galu wamatope kulowa, Dao n'kutsala kunja! Khue anaponda pansi mwamphamvu.

"Zokondera! Zokondera! Zokondera!"

Khue anaganiza. Anaganiza kwambiri. Tsoka limayenda ndi mapazi. Nanga mapazi akapanda kuponda pansi?

Anathamangira kwa Dao.

"Kwera kumsana. Ndikubereka."

"Wapenga?"

"Mapazi ako sakaponda m'nyumba. Ndikakukhazika pampando. Ukapinde miyendo. Kwera!"

"Ndine wolemera, Khue."

"Ine ndine wamphamvu. Kwera!"

Dao anakwera. Koma Dao anali wamtali. Khue anali wamfupi. Mapazi a Dao ankakwekwa pansi.

"Kweza miyendo!"

"Ndakweza!"

Khue anadzandira uku. Anadzandira uko. Khomo linali pafupi. Linali pafupi zedi. Mwadzidzidzi mawondo ake anagonja.

Khu!

Onse awiri anagwera pa kamtengo ka maluwa. Kamtengo kanagwa. Maluwa achikasu anangoti mbwee pansi.

Anthu onse anatuluka. Azakhali anagwira pakamwa.

"Mwaona?" anakuwa Tram. "Tsoka lija layamba! Wabwera nalo Dao!"

"Tseka pakamwa, iwe!" anatero Khue. "Ndagwetsa ndine!"

Palibe anamumva. Onse ankayang'ana Dao. Ankayang'ana kansalu kakuda kaja.

Amayi a Dao anabwera msangamsanga. Anaima panjira, osayandikira khomo. Anawerama kwa Azakhali.

"Pepani," anatero. "Pepani kwambiri. Sizichitikanso."

"Musapepese!" anatero Khue. "Ndagwetsa ndine! Ndine ndinamuuza akwere!"

Amayi a Dao anamusisita kumutu. Analankhula motsitsa.

"Ndikudziwa, Khue. Koma waona? Kanthu kakalakwika, anthu amati ndi ife. N'chifukwa chake timakhala kwathu."

Anamugwira Dao dzanja. Analowa naye m'nyumba. Chitseko chinatsekeka.

Khue anaima yekha. Bondo linkamuwawa. Koma mtima unkawawa kuposa bondo. Iye ndiye anagwetsa. Koma amene anapepesa ndi ena. Zoona zimenezo?

Khue analowa m'nyumba kamodzi kokha. Anatenga mphasa. Anaikokera kunja. Anaiyala pakati pa kanjira. Anakhala pansi, ali ndwii.

"Ukutani pamenepo?" anafunsa Amayi.

"Dao akapanda kulowa, inenso sindilowa."

"Bwera udzadye."

"Sindilowa."

"Kuli nkhumba ndi mazira."

Mimba ya Khue inalira. Khue anaigwira kuti ikhale chete.

"Sindilowa."

Azakhali anatuluka. Anamwetulira ndi mano aja.

"Khue, mwana wokongola, lowa. Alendo akukuona."

"Andione."

"Ukutichititsa manyazi."

"Dao ndiye wachita manyazi. Amayi akenso."

Azakhali anapuma mwamphamvu. Tsiku lina akanakalipa mpaka agalu kuthawa. Koma lero linali tsiku la Tet. Lero sakalipa. Anangomeza malovu.

Abambo anatuluka.

"Basi, zakwana," anatero. "Ndikunyamula."

"Mukandinyamula ndilira, Ababa. Ndilira mokweza. Pa Tet pompano."

"Musiyeni!" anatero Azakhali mwamantha. "Musiyeni, achimwene! Asalire!"

Abambo anakanda kumutu. Anabwerera m'nyumba.

Tram anasuzumira pazenera. Pakamwa pake panali podzaza.

"Khala komweko, kamtsikana kamakani! Maswiti ako ndikudya ndine!"

"Idya! Akuwolere mano!"

Dzuwa linakwera. Linatentha. Khue anatuluka thukuta. Diresi latsopano linamata kumsana.

M'nyumba munayamba masewera a madayisi, otchedwa nkhanu ndi chipanda. Khue ankawakonda kwambiri masewera amenewo. Ankamva madayisi akulira m'mbale. Khotcho, khotcho, khotcho!

"Nkhanu!" ankakuwa ana. "Nsomba! Tambala!"

Miyendo ya Khue inkafuna kupita. Khue anaikaniza. Anaikhalira.

Kenako chitseko cha mbali inayo chinatseguka pang'ono. Dao anatuluka. Maso ake anali ofiira. Anakhala kumapeto kwa mphasa.

"Ukutani?"

"Ndakwiya."

"Ukwiyatu chaka chonse."

"Ndikwiya basi."

"Wadya?"

"Sindikumva njala."

Mimba ya Khue inaliranso. Inalira mokweza, yopanda ulemu.

"Wabodza iwe," anatero Dao.

Anatulutsa kapepala m'thumba. Munali kokonati wa shuga. Anagawana pakati. Anadya.

"Khue, lowa madzulo. Ukaonere kanema. Udzandiuza mawa."

"Kanema wouzidwa sakoma."

"Ine sindidandaula."

"Ine ndikudandaula!"

Dao anasendera pafupi. Anatola timiyala. Anayamba kuponya m'mwamba ndi kuwakha. Khue anaponya nawo. Anaiwala pang'ono kutentha kwa dzuwa. Koma kukwiya sanaiwale.

Mwana wina anasuzumira pakhomo. Anaona awiriwo akusewera. Anatuluka. Wina anamutsatira. Wina anabweretsa mbale ya madayisi. Wina anabweretsa pepala la zithunzi za nkhanu, nsomba ndi tambala, zofanana ndi za pa madayisi. M'nyumba munali akulu ambiri. Kunja kunali kamphepo.

Tram anatuluka pomaliza. Anakhala kutali ndi Dao.

"Ine sindikhala pafupi ndi tsoka," anatero.

"Ndiye khala padzuwa," anatero Khue.

Aliyense anali ndi nthanga zake za chivwende. Aliyense anaika nthanga pa chithunzi chimene wasankha. Dao anaika pa nsomba.

Khotcho, khotcho, khotcho! Anavundukula mbale.

"Nsomba!"

Dao anawina. Anaikanso pa nsomba.

Khotcho, khotcho, khotcho!

"Nsomba!"

Dao anawinanso. Nthanga za Tram zinatsala zochepa.

"Azakhali!" anakuwa Khue. "Munthu wa tsoka uja akuwina kuno!"

Azakhali anakhala ngati sanamve.

Kachitatu Dao analuza. Kachinayi analuzanso. Kenako anawina. Ankangowina ndi kuluza, ngati mwana wina aliyense. Tram anasendera mumthunzi mwakachetechete. Anapezeka wakhala phewa ndi phewa ndi Dao.

Dzuwa linapendeka. Mithunzi inatalika. M'nyumba, Amalume a Ut anatseka mazenera. Anayatsa makina. Anaomba m'manja.

"Kanema! Kanema! Ana onse!"

Ana anadzambatuka. Anasiya nthanga. Anasiya mbale. Anathamangira m'nyumba. Tram anatsogola. Palibe anacheuka.

Pa mphasa panatsala anthu awiri.

Nyimbo ya kanema inayamba kumveka. Inali nyimbo yokoma. Khue anali ataidikira chaka chathunthu.

"Pita," anatero Dao.

"Ayi."

"Pita, Khue. Chonde."

"Ndati ayi!"

Misozi inabwera m'maso mwa Khue. Anaibweza. Anayang'ana khomo lawo. Anayang'ana Dao. Anagwira mphasa ndi manja onse awiri.

Nyimbo ija inasiya. Amalume a Ut anatuluka. Ananjuta pafupi ndi mphasa.

"Mphwanga, ndanyamula makina ulendo wonse uja. Msana ukundiwawa. Ndiye iwe usaonere?"

"Ndionera pano, Amalume."

"Pano palibe kanema."

"Ndiye mumubweretse pano."

Amalume anakweza nsidze. Anayang'ana kanjira. Anayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo.

"Zosatheka!" anatero Azakhali ali pakhomo. "Kanema wa pa Tet timaonera m'nyumba. Chiyambire."

Khue anaimirira. Anapinda manja pachifuwa.

"Azakhali, kanjira kano ndi nyumba ya ndani?"

"Si nyumba ya munthu."

"Dao amaloledwa kukhala pano?"

"Amaloledwa."

"Ifenso timaloledwa?"

Azakhali anayang'ana uku ndi uku.

"Kunja kuli udzudzu," anatero.

"M'nyumbanso muli udzudzu," anatero Khue.

Amayi anali ataima kumbuyo kwa Azakhali. Sankayang'ana Khue. Ankayang'ana khomo la mbali inayo.

"Alamu," anatero, "lero kwathu kwabwera anthu ambiri. Nanga uko kwapita ndani?"

Kunalibe amene anapitako. Tsiku lonse la Tet, ngakhale mmodzi.

"Iwo sangabwere kwathu," anatero Amayi. "Koma ife sanatiletse kupita kwawo. Ndachita manyazi."

Amayi anatenga mbale. Anaikamo mkate wa mpunga ndi nyama. Anadutsa kanjira. Anagogoda. Analowa.

Amalume a Ut anatulutsa makina. Anawalozetsa pakhoma la kwa Khue. Zithunzi sizinaoneke bwino. Khoma linali lobiriwira. Anthu a m'kanema anaoneka ngati achule.

"Utoto wanu watipweteka, alamu," anatero Amalume.

"Utoto wabwinobwino umenewo!" anatero Abambo.

Amalume anatembenuka. Anaona khoma la kwa Dao. Chaka chino silinapakidwe utoto watsopano. Linali loyera, la laimu wakale.

Amayi a Dao anatuluka ndi Amayi a Khue. Onse awiri anali atapukuta m'maso.

"Achemwali," anatero Amalume, "tibwerekeni khoma lanu."

Amayi a Dao anazengereza. "Anthu adzati chiyani?"

"Adzati kanema anaoneka bwino."

Amayi a Dao anayang'ana mwana wawo. Dao anangogwira dzanja la Khue.

"Khomalo ndi lakunja," anatero Amayi a Dao. "Onetsani."

Eee, chipwirikiti! Ana anatulutsa mphasa. Abambo anatulutsa mipando. Tram ananyamula chivwende, akudandaula kuti n'cholemera. A m'nyumba zina anamva phokoso. Nawonso anatuluka ndi mipando yawo. Kanjira kanadzaza.

Azakhali a Sau okha anatsala m'nyumba.

"Ine sindituluka," anatero.

"Zili kwa inu, Azakhali," anatero Khue mwaulemu.

Dzuwa linalowa. Khoma la kwa Dao linawala. Kanema anayamba.

Anali kanema wa njati ya kumunda. Njatiyo inkafuna kupita ku mzinda. Inaima pamsewu. Inaimitsa basi. Inakwera, n'kukhala pampando wa kutsogolo. Nyanga zake zinakola chipewa cha woyendetsa.

Ana anaseka. Akulu anaseka. Dao anaseka mpaka kugwira m'mimba. Amayi ake anatseka pakamwa ndi dzanja, koma mapewa ankagwedezeka.

Khue anacheuka. Azakhali anali pazenera.

Njati inadya matikiti onse a m'basi. Anthu anasekanso.

Khue anacheuka. Azakhali anali pakhomo.

Njati inayetsemula. Basi yonse inanyowa.

Khue anacheuka. Azakhali anali panjira, chokupizira mphepo chili m'manja.

"Ndangobwera kudzaona ngati mwatenga mbale zanga," anatero.

Mipando yonse inali ndi anthu. Malo anali amodzi okha, pa mphasa. Dao anasendera. Anasiya mpata pambali pake.

Azakhali anayang'ana mpatawo. Anayang'ana kansalu kakuda. Anaima kanthawi. Khue anawayang'anitsitsa, wokonzeka kukwiyanso.

Azakhali anakhala pansi. Mawondo awo analira. Anatenga nthanga, n'kuiswa ndi mano. Anampatsa Dao.

"Idya, mwana iwe. Waonda."

"Zikomo, Azakhali."

Anaswa ina. Anampatsanso. Anaswa inanso.

"Nanga ine?" anafunsa Khue.

"Iwe uli ndi mano. Pakamwa pako ndapamva tsiku lonse."

Kanema anapitirira. Njati inafika mu mzinda. Inasochera mumsika. Apolisi anayamba kuithamangitsa. Apa ndiye pokoma penipeni!

"Dao, taona! Taona ikulowa m'sitolo!"

Dao sanayankhe. Khue anamva kulemera paphewa. Anayang'ana.

Dao anali atagona. Mutu wake unali paphewa la Khue. Pakamwa panali potsegula pang'ono.

Khue anatuzula maso. Zoona? Iye wakhala padzuwa tsiku lonse! Wakhala ndi njala! Wanyuka bondo! Maswiti ake wadya Tram! Ndiye munthu n'kugona pakati pa kanema?

"Iwe Dao!" anatero. Anakweza dzanja kuti amugwedeze.

Amayi a Dao anamugwira mkono. Anamunong'oneza.

"Msiye, Khue. Chimwalirire bambo ake, sanagonepo bwino chonchi."

Khue anatsitsa dzanja pang'onopang'ono.

Phewa linayamba kuwawa. Khue sanasunthe. Mkono unachita dzanzi. Khue sanasunthe. Udzudzu unatera pabondo pake. Khue anangouyang'ana mwaukali.

Azakhali anauthamangitsa ndi chokupizira. Kenako anayamba kuwakupizira mphepo onse awiri. Amayi anabweretsa nsalu, n'kuwafunditsa miyendo.

Pakhoma, njati inachita chinthu choseketsa kwambiri. Kanjira konse kanaphulika ndi phwete. Khue anafuna kuseka. Anafunitsitsa. Koma akanaseka, phewa likanagwedezeka.

Khue analuma mlomo. Anakhala phee, mpaka kanema anatha.